Msampha wa Tizidutswa ta Kuthambo Aukonzanso ku Argentina

Kumadzulo kwa dziko la Argentina, ku South America, patsinde pa mapiri a Andes, kuli cidikha cacikulu couma cochedwa Pampa Amarilla. Kumeneko mitengo njocepa, mphepo njambiri, ndipo anthu a m'deralo amakhalira kuweta mbuzi ndi ng'ombe. M'cidikha cimeneci muli mathanki a madzi okwanira 1,660, oikidwa m'mizere, ndipo kucokera pa thanki ina kufika pa inzake pali mtunda wa kilomita imodzi ndi theka. Madzi a m'mathankiwo samwedwa ndi munthu kapena ciweto, ndiponso sathirira dimba la wina aliyense. Nchito yao ndiyo kugwira tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timagwa kucokera kuthambo.

Malo amenewa amachedwa Pierre Auger Observatory, ndipo likulu lake liri m'tauni ya Malargüe. Atauchera msamphawu kwa zaka zoposa khumi, akatswiri a sayansi anaona kuti unali kugwira ndithu, koma sunali kuwauza bwino cinthu cimodzi cofunika koposa, ndico mtundu wa kacidutswa kamene kagwidwa. Kaamba ka ici, pakati pa 2016 ndi 2024 iwo anayendera mathankiwo limodzi ndi limodzi naonjezapo zida zatsopano. Nchito yokonzansoyi anaicha AugerPrime. M'mwezi wa November, 2024, nthumwi za maiko ogwirizana pa nchitoyi zinasaina pangano ku Malargüe lakuti msamphawo upitirire kugwira nchito kufikira caka ca 2035.

Kuti timvetse cifukwa cake maiko akutaya ndalama ndi nthawi pa mathanki a m'cipululu, tiyenera kuyamba ndi tizidutswato.

MVULA YOSANYOWETSA

Cinthu ciri conse cimene tingacigwire, kaya ndi mwala, madzi, mkuwa wa ku migodi kapena thupi la munthu, cinapangidwa ndi tinthu tating'ono kwambiri tochedwa maatomu. Pakati pa atomu iri yonse pali njere, monga momwe suku limakhalira ndi njere m'kati mwake, ndipo kulemera kwa atomu kuli m'njereyo. Njere yopepuka koposa zonse ndiyo ya mpweya wa haidrojeni, imene imachedwa pulotoni. Njere ya citsulo imalemera kuwirikiza nthawi 56 kuposa pulotoni.

Kuthambo kuli njere zotere zosawerengeka zimene zinasupulidwa makoko ao ndipo zikuuluka pa liwiro lofika pafupi ndi liwiro la kuwala, ndilo makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Zimenezi ndizo pa Cingerezi amazicha cosmic rays. Zimagunda dziko lathu usana ndi usiku, pa dzinja ndi pa cirimwe, kucokera mbali zonse.

Amene anatsimikiza kuti zimacokera kumwamba ndi Victor Hess wa ku Austria. M'masiku ake anthu ophunzira ankadziwa kuti mumpweya muli ceza cina cosaoneka, koma ankaganiza kuti conse cimaturuka m'miyala ya pansi. Hess anaganiza kuti ngati ziri conco, cezaco ciyenera kucepa munthu akakwera m'mwamba. Pa 7 August, 1912, anakwera m'cibaluni ndi zida zake zopimira nafika pa msinkhu woposa mamita 5,000. Kumeneko anapeza kuti cezaco caculuka kuwirikiza kangapo. Pa nchito imeneyi analandira mphotho ya Nobel mu 1936.

Awerengi athu asacite mantha ndi nkhaniyi. Mpweya umene wazinga dziko lapansi uli ngati denga locindikala lotichinjiriza. Njere yocokera kuthambo ikalowa mumpweyawo imaombana ndi maatomu a m'mwamba, pa mtunda wa makilomita ambiri pamwamba pa mitu yathu, ndipo imasweka. Zimene zimafika pansi ndi zibenthu cabe. Mwa zibenthuzo muli mtundu wina wochedwa muon, umene umapyoza denga, cipupa ngakhale thanthwe. Mukatambasula dzanja lanu, pafupifupi muon imodzi imapyola cikhato canu pa sekondi iri yonse. Zakhala ziri conco kuyambira makolo athu asanabadwe.

KACIDUTSWA KAMODZI, ZIBENTHU MABILIYONI

Mu 1938 Pierre Auger wa ku France, amene dzina lake linapatsidwa kwa malo a ku Argentina aja, anatulukira cinthu cina. Iye ndi anzake anaika zida zowerengera tizidutswa m'malo otalikirana, ndipo m'mapiri a Alps anazitalikitsa kufikira mamita 300. Nthawi zina zidazo zinkalira pamodzi m'kamphindi komweko. Auger anazindikira kuti zinali kugundidwa ndi zibenthu za kacidutswa kamodzi kamene kanasweka m'mwamba. Kacidutswa koyambako kamaswa atomu, zibenthu zake zimaswa maatomu ena, zibenthu za amenewo zimaswanso ena, kufikira citapangika cimvumbi ca tizidutswa cimene cimagwa pansi panthawi imodzi. Mphamvu ya kacidutswa koyamba ikakhala yaikulu, cimvumbico cimakulanso. Pa tizidutswa tamphamvu koposa, zibenthu zimakwana mabiliyoni ndipo zimamwazika pa dera la makilomita angapo.

Mphamvu zazikulu zotere akatswiri amaziyesa ndi muyeso wochedwa EeV. Mu 1962 John Linsley, amene anachera zida zake ku Volcano Ranch m'cigawo ca New Mexico ku America, anagwira kacidutswa ka mphamvu ya pafupifupi 100 EeV. Pa 15 October, 1991, cida cochedwa Fly's Eye ca ku Utah, ku America komweko, cinaona kena ka 320 EeV, ndipo kufikira lero palibe kena kamene kanapezeka kokaposa. Mphamvu imeneyo ikufanana ndi ya thumba la ufa la makilogalamu 5 likagwa pansi kucokera pa msinkhu wa mita imodzi. Wina angati zimenezo nzocepa. Koma tikumbukire kuti mphamvu yonseyo inali m'njere imodzi ya atomu, kanthu kamene ngakhale galasi lokulitsa zinthu lamphamvu silingakaonetse. Makina aakulu koposa onse amene anthu anapanga othamangitsira mapulotoni, a bungwe la CERN pafupi ndi Geneva, ali ndi njira yozungulira ya makilomita 27, komabe mphamvu ya kacidutswa ka 1991 inaposa ya pulotoni ya m'makinawo kuwirikiza nthawi zoposa mamiliyoni 40.

Funso limene lasautsa akatswiri kuyambira nthawi ya Linsley ndi lakuti: kodi ndi ciani kuthamboko cimene cimaponya njere ndi mphamvu yotere, ndipo ciri kuti?

Bvuto lalikulu ndi lakuti tizidutswa totere ntosowa kwambiri. Mutakhala ndi munda wa kilomita imodzi m'litali ndi kilomita imodzi m'lifupi, mungadikire zaka zoposa 100 kuti kacidutswa kamodzi koposa 100 EeV kagwepo. Munthu sangadikire zaka zonsezo. Njira yokha ndiyo kukulitsa munda.

MMENE MSAMPHA UNACHEREDWA

Maganizo omanga msampha waukulu anacokera kwa James Cronin wa ku America, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1980, ndi Alan Watson wa ku Britain, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Anasankha Pampa Amarilla cifukwa malowo ngathyathyathya, ali pa msinkhu wa mamita pafupifupi 1,400, ndipo usiku thambo limakhala loyera. Kuwerenga tizidutswa kunayamba mu 2004 ndipo kumanga kunatha mu 2008. Dera lonse ndi masikweya kilomita 3,000, monga munda wa makilomita 55 mbali iri yonse.

Thanki iri yonse ndi yapulasitiki, yozungulira, mamita 3.6 m'mimba mwake. M'kati muli madzi oyeretsedwa bwino okwanira malita 12,000, ndiwo madiramu 60 a malita 200, ndipo kuya kwake ndi mamita 1.2. Thankiyo njotsekeka kotero kuti m'kati muli mdima wa bii. Kuwala kukalowa m'madzi liwiro lake limacepa, koma zibenthu zija zimapyola madziwo mothamanga kuposa mmene kuwala kumayendera m'madzimo. Zikatero m'madzi mumang'anima kuwala kofooka kobiriwira ngati thambo, kumene anakutulukira Pavel Cherenkov wa ku Russia mu 1934. Pamwamba pa madzi pali maso atatu a magetsi amene amaona kung'animako. Thanki iri yonse iri ndi mbale ya sola, batire, wailesi yotumizira uthenga ku likulu, ndi koloko yolondola kwambiri yoyendera masetilaiti a GPS.

Cimvumbi cikagwa, mathanki angapo, nthawi zina oposa khumi, amang'anima. Ngati cabwera copendekeka kucokera kum'mawa, mathanki a kum'mawa ndiwo amayamba kucimva. Poyerekeza nthawi za mathanki onsewo, makompyuta amadziwa mbali ya thambo kumene kacidutswa kacokera, ndipo poona kukula kwa kung'anima amadziwa mphamvu yake.

M'mphepete mwa cidikhaco, pa zitunda zinai zochedwa Los Leones, Los Morados, Loma Amarilla ndi Coihueco, pali matelesikopu 27 amene amayang'ana mumpweya pamwamba pa mathanki. Cimvumbi cikamatsika cimacititsa mpweya wa naitrojeni kuwala pang'ono, ndipo matelesikopuwo amaona pamene cayambira, pamene cakulira koposa ndi pamene cazimirira. Zimenezi zimasonyeza kulemera kwa njere yoyamba, pakuti njere yolemera imasweka msanga cakumwamba, pamene pulotoni imalowa mozama isanasweke. Koma matelesikopuwa ali ndi cofooka cao: amaona usiku wokha, popanda mitambo ndiponso mwezi ukakhala kuti suli kuwala. Pa maola 100 ali onse, amagwira nchito maola pafupifupi 15. Mathanki sagona, koma mmene anapangidwira poyamba sankatha kusiyanitsa bwino njere yopepuka ndi yolemera.

ZIMENE ZINAPEZEKA NDI ZIMENE ZINATSALA

Msampha woyambawo unabweretsa zinthu zazikulu. Mu 2017 akatswiri a Auger analengeza kuti atapenda tizidutswa toposa 30,000 ta mphamvu yopitirira 8 EeV, anapeza kuti mbali imodzi ya thambo imatumiza tambiri kuposa inzake, mwa kusiyana kwa pafupifupi 6 pa 100 ali onse. Mbali imeneyo iri kutali ndi pakati pa Mlalang'amba wathu, mkuzi woyera wa nyenyezi umene timauona usiku wopanda mwezi. Umenewu unali umboni wamphamvu wakuti tizidutswa timeneti timacokera kunja, ku milalang'amba ina yakutali.

Anaonanso kuti cakufupi ndi gulu la nyenyezi la Centaurus, limene limaoneka bwino kumwera ngakhale kuno kwathu, kumacokera tizidutswa toculukirapo. Kumbali imeneyo kuli mlalang'amba wochedwa Centaurus A, umene kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi mamiliyoni 12 kuti kufike kuno. Pakati pake pali cimene amacicha black hole, cinthu colemera kotero kuti ngakhale kuwala sikungathawemo, ndipo m'mbali mwake mumaturuka mitsinje ya moto wamphamvu. Kumbali yomweyo kulinso milalang'amba imene imabala nyenyezi zatsopano mofulumira. Zonsezi nzoganiziridwa, koma mlandu sunagamulidwe.

Cina cimene cinatsimikizika ndi cakuti mphamvu ikapitirira pafupifupi 50 EeV, ciwerengero ca tizidutswa cimagwa mwadzidzidzi. Pa ici pali mafotokozedwe awiri. Mu 1966 Kenneth Greisen wa ku America, ndiponso Georgiy Zatsepin ndi Vadim Kuzmin a ku Soviet Union, ananeneratu kuti mapulotoni amphamvu cotere amataya mphamvu zao m'njira poombana ndi kuwala kofooka kumene kunatsalira kucokera pa ciyambi ca cilengedwe ndipo kwadzaza thambo lonse. Koma kungakhalenso kuti zinthu zoponya njerezo zafika pamapeto a mphamvu zao, monga legeni imene singaponye mwala kupyola malire ake. Kuti adziwe coona pa ziwirizi, akatswiri ayenera kudziwa kuculuka kwa mapulotoni ndi kwa njere zolemera pa mphamvu zapamwambazo.

Matelesikopu anasonyeza kuti mphamvu ikamakwera kupitirira 2 EeV, njere zimanka zilemera. Ici cinadabwitsa ambiri amene ankayembekeza mapulotoni okhaokha. Koma pa mphamvu zapamwamba koposa, pamene yankho likufunika, tizidutswa timene matelesikopu anationa ntocepa kwambiri kaamba ka maola ao owerengeka aja.

CIFUKWA CAKE KULEMERA NKOFUNIKA

Mlenje akaona mapazi a nyama amatha kulondola kumene yacokera ngati akudziwa nyamayo ndi mayendedwe ake. Mapazi a nyama yosadziwika amasoceretsa. Ndi mmenenso ziriri ndi tizidutswa ta kuthambo.

Kuthambo kuli mphamvu ya maginito, m'kati mwa Mlalang'amba wathu ndi pakati pa milalang'amba, ndipo mphamvu imeneyi imakhotetsa njira ya njere iri yonse. Pano zinthu ziri mosiyana ndi zimene tinazolowera, pakuti njere yolemera ndiyo imakhota koposa. Maginito amakoka njere molingana ndi magetsi amene yanyamula. Pulotoni iri ngati ng'ombe yomangidwa cingwe cimodzi, pamene njere ya citsulo iri ngati yomangidwa zingwe 26. Ziwirizi zikakhala ndi mphamvu yofanana, ya citsulo imapatutsidwa kuwirikiza nthawi 26. Pulotoni yamphamvu kwambiri imayenda pafupifupi molunjika, ndipo kumene yafikira kucokera kumaloza kufupi ndi kwao. Njere yolemera ingathe kufika kucokera kumpoto pamene kwao ndi kum'mawa.

Msampha wakale unali kusakaniza zonsezi m'nkhokwe imodzi. Colinga ca AugerPrime ndi kupeta, monga mai amapetera mphale m'licero kuti gaga apite padera. Ngati akatswiri angathe kupatula njere zopepuka zokha pa mphamvu zapamwamba ndi kuona kumene zikuloza, angathe kulemba mapu a magwero ake. Ngati apeza kuti zopepuka palibiretu, adzadziwa kuti mapu otere ngobvuta kulemba ndipo adzafunafuna njira zina. Yankho liri lonse mwa awiriwa lidzatsogolera mmene misampha ya m'tsogolo idzamangidwira.

Cinsinsi ca kupetako ciri m'zibenthu zofika pansi. M'cimvumbi muli magulu awiri aakulu. Loyamba ndi la maelekitironi ndi ceza coyenda nao, amene ngopepuka ndipo amatha msanga. Laciwiri ndi la ma muon aja, amene amalemera kuposa elekitironi kuwirikiza nthawi zoposa 200 ndipo amapyoza zinthu. Njere yolemera imabala ma muon ambiri kuposa pulotoni ya mphamvu yofanana. Wodziwa kuculuka kwa gulu liri lonse angathe kuyerekeza kulemera kwa njere imene inabala cimvumbico.

ZIDA ZIMENE ZAONJEZEDWA

Coyamba ndi bokosi lathyathyathya la aluminiyamu limene laikidwa pamwamba pa mathanki, kupatula a m'malire. M'kati mwake muli timatabwa 48 ta pulasitiki yapadera, tocindikala sentimita imodzi, timene timang'anima kacidutswa kakapyola. Kukula kwake konse ndi masikweya mita 3.8. Popeza pulasitikiyo njopyapyala, imawerenga elekitironi ndi muon mofanana, ndipo kufupi ndi pakati pa cimvumbi maelekitironi ndiwo ambiri. M'thanki ya pansi pake zinthu nzosiyana: elekitironi imathera m'madzi a pamwamba, koma muon imapyola madzi onse nisiya kuwala kwambiri. Motero cimvumbi cimodzi cimayesedwa pa masikelo awiri osiyana, ndipo poyerekeza ziwerengero ziwirizo magulu awiri aja amalekanitsidwa. Ici cikucitika usana ndi usiku, mwezi uwale usawale.

Caciwiri ndi eriyo ya wailesi, yooneka ngati mikombero iwiri yopingasana, imene yaimikidwa pamwamba pa thanki iri yonse. Maelekitironi a m'cimvumbi akamapatutsidwa ndi maginito a dziko lapansi amaturutsa kamphokoso ka wailesi kosakhalitsa, ndipo eriyoyo imamvetsera pakati pa 30 ndi 80 MHz, pansi pang'ono pa malo amene timachera mawailesi a FM. Cida cimeneci cimathandiza pa zimvumbi zobwera mopendekeka kwambiri, cakufupi ndi m'mphepete mwa thambo. Zotere zimadutsa mumpweya wambiri kotero kuti maelekitironi amathera m'njira ndipo pansi pamafika ma muon okha. Koma phokoso la wailesi silithera m'njira. Conco eriyo imayesa gulu la maelekitironi, thanki niyesa gulu la ma muon.

Cacitatu ndi diso lacinai la magetsi, laling'ono, limene laikidwa m'thanki. Maso atatu akale ankathobwa cimvumbi cikagwa pafupi kwambiri, monga sikelo yolekezera pa makilogalamu 50 imene singakuuzeni kulemera kwa thumba la makilogalamu 90. Diso laling'onolo limapirira kuwala kwakukulu, motero thanki ya pakati peni peni pa cimvumbi, imene iri ndi uthenga wofunika, sitayikanso.

Cacinai ndi ubongo wa thanki, ndiwo makina a magetsi olemba zimene maso aona. Akale ankalemba nthawi mamiliyoni 40 pa sekondi, atsopano amalemba nthawi mamiliyoni 120. Ici ncofunika cifukwa ma muon amayenda molunjika nafika poyamba, pamene maelekitironi amacedwa pang'ono kaamba kogundagunda m'njira. Kusiyana kwake ndi kagawo kakang'ono ka sekondi, ndipo koloko yofulumira ndiyo ingakaone.

Cacisanu ciri pansi pa nthaka. M'cigawo cina cacing'ono ca cidikhaco, kumene mathanki anaikidwa moyandikana, akwirira zida zowerengera pa kuya kwa mamita 2.3. Dothi limachinga maelekitironi, ndipo ofika pa zidazo ndi ma muon okha. Ciwerengero cao cimagwiritsidwa nchito kutsimikizira ngati masamu a zida za pamwamba ali olondola. Cidzathandizanso pa cinthu cina cozunguza mutu: kwa zaka zambiri akatswiri a Auger akhala akupeza ma muon oculuka kuposa amene masamu ocokera ku makina a CERN amanena. Ici cikusonyeza kuti pali cina cimene anthu sanacimvetse pa mmene njere zimaswekera pa mphamvu zimene makina a anthu sangazifikire.

NCHITO YA MANJA M'CIPULULU

Zonsezi zinayamba kuyesedwa pa mathanki 12 mu 2016. Zitaoneka kuti zikugwira, mabokosi anapangidwa m'masukulu aakulu ndi m'malo ofufuzira a maiko angapo, natumizidwa ku Argentina. Kenaka anyamata a nchito anayenda ndi malole m'cidikha cimene misewu yake yambiri njafumbi, ndipo mvula ikagwa malo ena sapitika kaamba ka matope. Kusintha makina a magetsi kunatha mu 2023, ndipo kuimika maeriyo kunatha cakumapeto kwa 2024. Nthawi yonseyi msampha sunatsekedwe, unapitirira kugwira.

Mathanki ambiri ali m'minda ndi m'mabusa a eni ake, motero nchitoyi imadalira kumvana ndi alimi a ziweto. Thanki iri yonse iri ndi dzina lake, ndipo maina ena anaperekedwa ndi ana a sukulu. Mu 2006 m'tauni ya Malargüe munatsegulidwa sukulu yochedwa ndi dzina la James Cronin. Akatswiri ogwirizana pa nchito yonseyi ali pafupifupi 400, ocokera m'maiko oposa 15. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Popeza dziko ndi lozungulira, Argentina saona thambo lonse. Thambo la kumpoto limayang'aniridwa ndi msampha wina wochedwa Telescope Array, m'cipululu ca Utah. Unayamba mu 2008 ndi zida 507 pa dera la masikweya kilomita pafupifupi 700. Kumeneko anasankha kukulitsa munda kuti ufike kuwirikiza kanai, ndipo mu 2019 anaika zida zatsopano 257 monga gawo loyamba. Pa 27 May, 2021, msampha wa ku Utah unagwira kacidutswa ka 244 EeV, kamene anakacha Amaterasu, dzina la mulungu wamkazi wa dzuwa m'nthano za ku Japan. Atalondola kumene kanacokera anapeza mbali ya thambo imene iri pafupifupi yopanda milalang'amba. Kakadadziwika kulemera kwake, kukadakhala kosabvuta kunena ngati kanakhotetsedwa m'njira. Nkhani ya kacidutswa kameneka ikusonyeza bwino cosowa cimene a ku Argentina akufuna kucikwaniritsa.

NANGA IFE ZIKUTIKHUDZA BWANJI?

Kufufuza kwa mtundu umenewu kunafika kale ku Africa. Kwa anansi athu ku Namibia, m'mapiri a Khomas pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kucokera ku Windhoek, kunamangidwa matelesikopu ochedwa H.E.S.S., dzina lokumbutsa Victor Hess. Anai oyamba anamangidwa pakati pa 2002 ndi 2004, ndipo mu 2012 kunaonjezedwa lacisanu la galasi la mamita 28. Amenewa anapangidwira kuona zimvumbi zobadwa ndi ceza ca gamma, cimene sicikhotetsedwa ndi maginito, motero cimaloza kumene cacokera.

Tizidutswa ta kuthambo tathandizanso kudziwa mbiri yathu. Ta mphamvu yocepa, timene ndi tambiri, timapanga mumpweya mtundu wa kaboni wochedwa carbon-14, umene umalowa m'zomera ndi m'nyama. Camoyo cikafa, kaboniyo imacepa pa liwiro lodziwika, ndipo poyesa yotsala akatswiri amadziwa zaka za makala ndi mafupa akale. Njira imeneyi inagwiritsidwa nchito pa zofukulidwa ku Ingombe Ilede m'cigwa ca Zambezi. Nawo ma muon, kaamba kopyoza miyala, anathandiza mu 2017 kupeza cipinda cacikulu cobisika m'piramidi ya Khufu ku Egypt popanda kugumula mwala ndi umodzi womwe. Hess pokwera m'cibaluni cake sanaganizire za mafupa kapena mapiramidi. Phindu la kufufuza limabwera pambuyo, kawirikawiri pa khomo limene palibe analiyembekeza.

Kwa acinyamata athu okonda masamu ndi sayansi pali khomo lotseguka. Mu 2021 akatswiri a Auger anaika pa intaneti gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene anasonkhanitsa, kuti ali yense, kaya mphunzitsi wa ku sekondale kapena wophunzira wa pa yunivesite, azione ndi kuzipenda yekha kwaulere. Makolo ndi aphunzitsi acite bwino kulimbikitsa ana otere, pakuti nchito ngati imeneyi imafunanso amisiri a magetsi, a mawailesi, a sola ndi a makompyuta, maluso amene ngofunika ndi kumudzi komwe.

Yankho la funso lalikulu silidzabwera mawa. Tizidutswa tamphamvu koposa timagwa mwa apo ndi apo, ndipo pa dera lonse la masikweya kilomita 3,000 toposa 100 EeV timangogwa towerengeka pa caka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pangano la ku Malargüe lapatsa akatswiri nthawi kufikira 2035, ndipo kusiyana ndi kale, kacidutswa kali konse kogwa m'cidikhaco tsopano kadzayesedwa mphamvu, njira ndi kulemera komwe.